Pakhomo Pathu: Kiyi Asamayende Yekha

Kiyi wa pakhomo ndi kachitsulo kosalemera n'komwe, koma tsiku limene wasowa banja lonse limaima panja, mwinanso kukapempha malo ogona kwa anansi. Loko wogula ndi ndalama zambiri amaphwanyidwa ndi hamala, chitseko chimang'aluka m'mbali, m'mawa mwake kalipentala amaitanidwa, ndipo ndalama ya ndiwo za mlungu wonse imathera pakhomo pomwepo. Kawirikawiri choyambitsa zonsezi si mbala ayi. Ndi kiyi woyenda yekhayekha wopanda chomugwira, amene amatulukira pa kabowo ka m'thumba, kugwera mumchenga pa mjigo, kapena kumangidwa pa nsonga ya chitenje n'kukamasukira mu minibasi mwini wake osamva.

Mwezi uno tikambirane za chomangira makiyi, chija ambirife timangoti key holder. Ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo zipangizo zake zambiri zili kale m'nyumba mwanu. Koma ndineneretu maganizo anga: kukongola kwa chomangira makiyi ndi nkhani yachiwiri. Chinthuchi chimakhala m'thumba miyezi ndi miyezi, kukhuzana ndi ndalama zachitsulo, kunyowa ndi thukuta, kukokedwa kangapo pa tsiku, ndipo nthawi zina chimathera m'kamwa mwa khanda. Choyamba n'chakuti chisaduke, komanso chisavulaze munthu. Maluwa abwere pambuyo.

Tiyambe ndi mphete yachitsulo, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene sindikulangizani kupanga nokha. Mphete yabwino ndi ija yozungulira kawiri, imene mumaikanula pang'ono n'kulowetsa kiyi mozunguliza. Muiyese musanagule: ikanuleni, muisiye. Ikabwerera mwakale n'kutsekeka bwinobwino, ndi yabwino. Ikatsala yoyasama ngakhale pang'ono, isiyeni pomwepo, pakuti mpata umenewo ndi umene kiyi adzatulukirepo. Yotambalala masentimita awiri ndi theka kapena atatu imakwanira makiyi a panyumba. Musanapite kumsika, fufuzani kaye m'madirowa. Zomangira makiyi zogula zija zimaduka pa katcheni kopyapyala, koma mphete yake imatsala yamoyo, ndipo m'nyumba zambiri muli ziwiri kapena zitatu zongogona. Waya wopinda ndi manja, uja timamangira mpanda, amaoneka ngati wagwira tsiku loyamba, koma alibe mphamvu yobwerera akakanuka. Pokanula mphete gwiritsani ntchito ndalama yachitsulo kapena nsonga ya supuni, zikhadabo zanu zipume.

Musanadule nsalu kapena chingwe, ganizirani dzanja limene lidzagwire chinthucho. Agogo amene zala zawo zimawawa ndi nyamakazi, kapena maso ayamba kuchita mdima, amafuna chachikulu, chowala mtundu, chosavuta kuchipeza pogwiragwira m'chikwama. Mayi wopita kumsika atabereka mwana, m'manja muli katundu, amathandizidwa ndi chokoloweka pamkono. Bambo wovala thalauza la kuntchito amafuna chopyapyala chosatupitsa thumba. Ndipo pakhomo pamene pali maloko atatu ofanana, wa nyumba, wa khitchini ndi wa khola la nkhuku, n'kwanzeru kuti kiyi aliyense akhale ndi chomangira chomveka mosiyana m'manja: china chansalu, china choluka, china chachikopa. Magetsi akazima mudzadziwa kiyi woyenera osayatsa ndi tochi yomwe.

Chimene ndimachikonda koposa ndi cha chitenje. Telala aliyense amakhala ndi thumba la zidutswa pansi pa makina, ndipo ambiri amapereka mosavuta mukapempha mwaulemu. Sankhani chidutswa cha maluwa ang'onoang'ono, chifukwa duwa lalikulu likapindidwa silionekanso kuti linali duwa. Chichapeni kaye, chiume, muchisite. Nsalu yatsopano ina imasuluka, ndipo simungakondwe itathimbirira m'thumba la malaya oyera.

Dulani chidutswa cha masentimita 10 m'lifupi ndi 30 m'litali. Chipindeni pakati motsata utali wake, musite kuti mzere uoneke, ndipo muchitambasulenso. Tsopano tengani mbali zonse ziwiri muzipindire mkati kuti zikakumane pa mzere wapakati uja, kenako mupindenso pakati. Mwapeza kalamba kotambalala masentimita awiri ndi theka, kokhala ndi nsalu zinayi zosanjikizana, ndipo m'mphepete monse mosololoka ulusi mwabisika mkati. Sokani mbali zonse ziwiri kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Makina akakhalapo ndi bwino, koma singano ya pamanja imakwanira, bola muzisoka mobwerera m'mbuyo pa msoko uliwonse, osati mongodumphadumpha ngati mukugwirizitsa chigamba.

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse. Lowetsani kalambako mu mphete, mukumanitse nsonga zake ziwiri, ina pamwamba pa inzake, zipitirirane masentimita awiri, ndipo nsonga yakunja muipindire mkati pang'ono kuti isasololoke. Sunthani polumikizirapo pafike pafupi ndi mphete, mupanikize nsalu zonse pamodzi, musoke kabokosi ka ngodya zinayi, ndipo mkati mwake mudutsitse mizere iwiri yopingasana kuchokera ngodya kufika ngodya. Mukayang'ana pa lamba wa chikwama cha sukulu cholimba mupeza msoko womwewu. Umagawa mphamvu ya kukoka pa malo otambalala, m'malo moti yonse igwere pa mzere umodzi. Ulusi ukhale wa poliyesitala, wophatikiza pawiri. Wa thonje umafooka msanga ndi thukuta. Guluu yekha pa malo amenewa ayi. Amagwira mlungu umodzi kapena iwiri, kenako kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumamufewetsa, ndipo simudziwa tsiku limene wasiya.

Mukafuna chachifupi cha m'thumba, utali ukhale masentimita 16 m'malo mwa 30, zina zonse chimodzimodzi. Lamba wachikopa wakale amene anaduka pa bowo nayenso ndi chuma: dulani kachidutswa ka masentimita 12, mukapinde pa mphete, muboole timabowo tinayi ndi msomali pa thabwa, musoke ndi ulusi wosokera nsapato. Chimenechi chimatha zaka, ndipo chikamakalamba m'pamene chimakongola.

Choluka ndi chingwe ndicho chimasangalatsa ana, makamaka pa tchuthi pamene manja awo akusowa chochita. Chingwe chotchuka pa ntchitoyi ndi paracord, cha nayiloni, chimene asilikali a ku America ankagwiritsa ntchito pa maparachuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mtundu wake wodziwika kwambiri umatchedwa 550 chifukwa umanyamula mapaundi 550, pafupifupi makilogalamu 250, usanaduke. Kiyi wa pakhomo safuna mphamvu zonsezo. Chingwe cha nsapato chozungulira, chotalika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, chimagwira ntchito yomweyo, ndipo nsapato zikatha zingwe zake nthawi zambiri zimakhala zikadali zabwino.

Pindani chingwe pakati. Lowetsani nsonga zonse ziwiri mu mphete, muzikoke mpaka popindika paja patsale masentimita 9 kuchokera pa mphete. Zingwe ziwiri zopita kopindikako ndizo msana. Nsonga ziwiri zomasuka, ina kumanzere ina kumanja, ndizo zoluka. Tengani yakumanzere muigoneke pamwamba pa msana kuloza kumanja, kusiya kakhutu kumanzere. Tengani yakumanja muidutsitse pamwamba pa inzakeyo, ilowe kunsi kwa msana, ikatulukire m'kakhutu kaja. Kokani zonse ziwiri molimba. Mfundo yachiwiri muyambe ndi yakumanja, yachitatu yakumanzere, kumangosinthanitsa choncho kutsika mpaka patsale kakhutu ka masentimita awiri kumapeto, kolowa chala. Mukaiwala kusinthanitsa, choluka chanu chiyamba kupotokola ngati nyanga ya mbuzi. Sikulakwa kwenikweni, ena amachita dala chifukwa chimakongola, koma sankhani chimodzi kuyambira pachiyambi. Mfundo zitatu zoyamba zimasokoneza aliyense, ndipo mwana amafuna kutaya. Mulimbikitseni kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika yachisanu zala zimakhala zadziwa zokha. Ana amene ali m'gulu la Pathfinder mwina akuphunzitsani ndi iwo, pakuti kumanga mfundo ndi kuluka zili m'gulu la maluso amene amalandirira zizindikiro.

Kumaliza kwake kukhale kwa munthu wamkulu. Dulani nsonga kusiya kachidutswa kochepa kwambiri, muyandikize lawi la machesi mpaka nayiloni asungunuke, mupsinje ndi msana wa supuni kuti aphwatalale. Osapsinja ndi chala. Nayiloni wosungunuka amakanirira pakhungu n'kumapitiriza kuwotcha. Wina akapsa, ikani malo opsawo pa madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, ndipo musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira monga ena amachitira. Chitirani panja kapena pafupi ndi windo, utsi wake si wabwino kupuma. Chingwe chikakhala cha thonje sichisungunuka, chimangoyaka; chimenecho nsonga zake muzisoke ndi singano.

Tsopano mikanda ndi njere, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa nkhani yake ikukhudza moyo. Mikanda yoboola kale imalowetsedwa pa chingwe cha nayiloni chowedzera nsomba, chophatikiza pawiri, ndipo ndi bwino kumanga mfundo pakati pa mkanda ndi mkanda. Chingwe chikadzaduka udzagwa umodzi wokha, osati yonse kumwazika pansi pamene khanda likukwawa. Amene mukufuna zachilengedwe, nthangala za bwemba n'zosalala, zofiirira, zonyezimira bwino. Zinyikeni m'madzi otentha zifewe, muziboole ndi singano yaikulu, muziyanike padzuwa ziumitsitse. Za malambe nazonso zimatheka ngakhale n'zolimba kuboola.

Koma pali njere ziwiri zokongola zimene zisalowe n'komwe m'ntchito imeneyi. Yoyamba ndi kanjere kofiira kwambiri kokhala ndi kadontho kakuda kumutu, kobala pa chomera choyanga m'tchire ndi m'mipanda, chimene akatswiri amachitcha Abrus precatorius. Mkati mwake muli poizoni wotchedwa abrin. Chikhungwa chake n'cholimba, koma mukachiboola kuti mulowetse ulusi mwatsegulira poizoniyo njira, ndipo kanjere kamodzi kotafunidwa bwino kangathe kupha mwana. Mu 2011 malo okopa alendo a Eden Project ku Cornwall, m'dziko la Britain, anapempha anthu kubweza zibangili zimene anagulitsa atazindikira kuti zinapangidwa ndi njere zimenezi. Yachiwiri tonse timaidziwa: nsatsi. Mawangamawanga ake amakopa maso, koma muli poizoni wotchedwa ricin. Mwana akatafuna iliyonse mwa njere ziwirizi, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka wabwinobwino, chifukwa zizindikiro zimatha kuchedwa maola ambiri. Nyamulani njere ina yotsala kuti adokotala akaone. Njere iliyonse imene simukuidziwa dzina, isiyeni kutchire komweko.

Ambirife tili ndi chizolowezi chopatsa khanda makiyi kuti litonthole, m'tchalitchi, pa mzere wa kuchipatala kapena m'basi. Phokoso lake limathandizadi, koma chizolowezichi ndi chofunika kuchisiya. Makiyi amagwa pansi paliponse, ndipo ambiri amkuwa amakhala ndi mtovu pang'ono, chitsulo chimene chimasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Kuwonjezera apo pali kutsamwa. Ku America ndi ku Ulaya zoseweretsa za ana osakwana zaka 3 amaziyesa ndi kachubu kotambalala mamilimita 31.7, ndipo chilichonse cholowamo chathunthu chimaletsedwa kwa ana a msinkhu umenewo. Muyeso umenewu ndi wofanana pafupifupi ndi chitsekerero cha botolo la pulasitiki la madzi akumwa. Mkanda, batani ndi nthangala zonse n'zochepera pamenepo. Choncho pa tsiku lopanga, khalani pa mphasa kapena pa thireyi yokhala ndi m'mbali, muwerenge mikanda musanayambe ndi pomaliza, musese bwinobwino. Mkanda ukalowa m'mphuno kapena m'khutu mwa mwana, musautokose ndi kamtengo ka machesi, mumangoukankhira mkati. Achipatala ali ndi zida zouchotsera.

Choopsa kuposa mkanda ndi kabatire kozungulira ngati batani, kamene kamakhala m'timatochi tating'ono tija anthu amakonda kukoloweka pa makiyi. Kakakanirira pammero pa mwana, kamayamba kuwotcha mnofu, ndipo m'maola awiri okha kangathe kuvulaza kwambiri. Ngati mukuganiza kuti mwana wameza, thamangirani kuchipatala, musamusanzitse. Mwana akakhala woposa chaka chimodzi ndipo akutha kumeza, mumpatse masupuni ang'onoang'ono awiri a uchi mphindi 10 zilizonse muli pa ulendo, osapitirira kasanu ndi kamodzi. Uchi umachedwetsa kuwotchako, koma suchotsa kabatireko, ndiye musachedwe pakhomo chifukwa chofunafuna uchi. Wosakwana chaka asapatsidwe uchi. Ine ndimaona kuti m'nyumba mokhala ana aang'ono katochi kotere kasakhale pa makiyi, pokhapokha chitsekerero cha batire chili chomangidwa ndi sikuluu.

Mwana wa sukulu amene amafika pakhomo makolo asanaweruke ndiye amataya makiyi kuposa wina aliyense, ndipo njira imene ambiri amathamangira ndiyo kumuveka m'khosi ndi chingwe. Chingwe cholimba m'khosi mwa mwana wokwera mitengo ndi wodumpha mipanda si chinthu chabwino. Chikakola pa nthambi sichiduka. Ndiponso kiyi wolendewera pachifuwa amauza aliyense panjira kuti kunyumba kulibe munthu. Sokerani kalamba kotalikirapo mkati mwa chikwama chake cha sukulu, kotalika mokwanira kuti kiyi afike pa loko chikwama chili m'manja. Akatsegula, kiyi amabwerera yekha m'chikwama.

Nanga polembapo? Ana amakonda kuika dzina, ndipo dzina loyamba lokha silivuta. Koma dzina la banja, nambala ya nyumba kapena dera limene mukukhala zisalembedwe. Wotola makiyi asadziwe khomo lake. Nambala ya foni ndi yokwanira kuti munthu wachilungamo akupezeni. Pali anthu amene kachikwangwani kakang'ono kangawathandize kwambiri: wodwala shuga, wa khunyu, kapena agogo amene ayamba kuiwala njira. Lembani matendawo ndi nambala ya wachibale pa kapepala kolimba, mukakute ndi selotepi yoonekera mbali zonse, muboole, mukoloweke pa mphete. Munthu akagwa pamsewu, omuthandiza amayamba kufufuza m'matumba. Mufunseni kaye mwini wake, chifukwa si aliyense amene amafuna matenda ake aziwerengedwa ndi wina aliyense wobwereka kiyi.

Kwa oyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, mawu anga ndi amodzi: chikhale chopepuka. Mulu wa makiyi a nyumba, a ku ofesi ndi a kusitolo ukamalendewera pa kiyi wolizira injini, umagwedezeka pa bampu aliyense n'kumadya mkati mwa loko pang'onopang'ono. Mu 2014 kampani ya General Motors inaitanitsa magalimoto pafupifupi 2.6 miliyoni chifukwa cha vuto la polizira injini: kiyi ankatha kutembenuka galimoto ili pa liwiro, injini n'kuzima, ndipo anthu anafa pa ngozi zotere. Podikira kukonza, eni magalimoto anauzidwa kuchotsa chilichonse pa mphete n'kusiya kiyi yekha. Vuto linali la kapangidwe ka magalimotowo, koma kulemera kwa makiyi ndi misewu ya mabampu zinkalikulitsa, ndipo mabampu ife sitisowa. Kiyi wa galimoto akhale ndi kachomangira kakekake kansalu, makiyi ena akhale padera m'thumba.

Ena mwa inu mukuganiza kale zogulitsa, ndipo n'zotheka. Amene anafikako ku Senga Bay, Cape Maclear kapena Nkhata Bay anaona anyamata osema akulemba mayina a alendo pa timatabwa ta makiyi, mlendo akudikira pomwepo. Chimene chimagulitsa pamenepo ndi dzinalo, kuti chinthucho n'cha munthu mmodzi yekha. Za chitenje zimayenda bwino pa maukwati ndi pa zinkhoswe, makamaka zikasokedwa ndi zidutswa za nsalu yomwe anthu avala pa mwambowo. Poika mtengo werengerani mphete, ulusi, ulendo wokagula ndi nthawi yanu; ambiri amawerengera nsalu yokha, yomwenso anapatsidwa ulere, n'kudabwa kuti phindu silikuoneka. Ndipo poti simudziwa nyumba imene katundu wanu akalowe, zogulitsa zikhale zansalu, zoluka kapena zachikopa, zopanda tinthu tothothoka.

Chilichonse chimene mwapanga, chiyeseni musanaikepo kiyi weniweni. Kolowekani mphete pa msomali wolimba, kumunsi mumangirire chigubu cha malita 5 chodzaza madzi, omwe ndi makilogalamu 5, chigone choncho usiku wonse. M'mawa yang'anani pa msoko ndi pa mphete. Ulusi ukaoneka kuti watanuka kapena mphete yayasama, konzani pomwepo. Pakatha mwezi chili m'thumba yang'ananinso malo amene nsalu imakhuzana ndi chitsulo, pakuti ndi pamene pamayambira kutha. Poti zidutswa zatsala, sokani chachiwiri cha mtundu wosiyana, mupite kwa odula makiyi akakupangireni kiyi wapadera, mukamusungitse kwa wachibale kapena mnansi amene mumamukhulupirira, osati pansi pa mwala wa pakhonde pamene aliyense amayambira kuyang'ana.